Laisensi Ili M'thumba, Nanga Nsapato Zili Kuti?

Iwe mwana wa ku Rumphi amene wabwera ndi laisensi yoyendetsa ndege zamalonda, ndikulankhula ndi iwe. Kaya kwanu ndi ku Bolero, ku Hewe, ku Mhuju kapena kumapiri a Phoka, nkhani yake imafanana. Adada anagulitsa ng'ombe, mabelo a fodya a zaka zingapo anathera kusukulu ya ku South Africa, abale a ku Joni anasonkherana, mpingo unapemphera. Unauluka wekha koyamba mtima uli m'mwamba, unakhoza mayeso, anakuveka timizere paphewa. Tsiku lobwera kumudzi kunali nthungululu. Lero miyezi yapitapo, uli pakhonde kuyang'ana foni, ndipo anthu amene ankakuitana kuti "a Pailoti" monyadira ayamba kutchula dzina lomwelo ndi kamwetuliro kena kake.

Usadziweruze. Vuto lako ndi la masamu, ndipo masamu ake ndi awa. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse limene Malawi ndi membala wake, amalola munthu kulandira laisensi ya CPL akakwanitsa maola 200 akuuluka. Laisensi yaikulu ya ATPL, imene kaputeni wa ndege zikuluzikulu amayenera kukhala nayo, imafuna maola 1,500. Pakati pa 200 ndi 1,500 m'pamene pali chigwa chimene waimamo, ndipo aliyense amene lero amakhala kumpando wakumanzere wa Boeing anadutsa momwemo. Makampani ambiri a ndege zahayala amanena kuti akufuna munthu wa maola 500 kapena 1,000. Kawirikawiri amene amawakakamiza kutero ndi a inshuwaransi, omwe amakweza mtengo akamva kuti ndege yaperekedwa kwa munthu wa maola ochepa. Ndiye akukufunsa maola kuti akupatse ntchito, chonsecho maolawo amapezeka pantchito. Mnzako wa ku Nairobi akulira chimodzimodzi, wa ku Johannesburg chimodzimodzi, ngakhale wa ku London.

Kuno kwathu msika ndi wothina koposa. Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inathetsedwa mu 2013. M'malo mwake munabwera kampani imene lero timaitcha Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49. Ndi kampani yathu, kuilakalaka n'koyenera. Koma ndege zake ungaziwerenge pa zala za dzanja limodzi, ndipo amene akhala pamipandoyo sachokapo chaka ndi chaka. Kalata yako tumiza ndithu. Ukatumiza n'kukhala pansi kudikira kuti foni ilire, imvi zidzakupeza pakhonde pomwepo.

Tsono tiye ndikukumbutse kumene unachokera, chifukwa boma la Rumphi linayamba kale kubala anthu odziwa ntchito ochuluka kuposa ntchito zimene zilipo. Mu 1894 Dr Robert Laws anakhazikitsa sukulu pa Khondowe, pa Livingstonia. Kumeneko kunatuluka aphunzitsi, akalaliki, akalipentala, amisiri omanga, osindikiza mabuku, odziwa telegalafu ndi othandiza madokotala. Nyasaland sakanatha kuwalemba onse. Kodi anatani? Anamanga katundu n'kutsika phiri, ena pasitima yapanyanja, ena wapansi kwa milungu, kulowera ku Salisbury, ku Bulawayo, kumigodi ya Copperbelt, ku Katanga, ku Tanganyika ndi ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay anaphunzira pa Livingstonia pomwepo, anachoka m'dziko muno mu 1915, anafika ku Cape Town mu 1918, ndipo mu 1919 anayambitsa ICU, bungwe la antchito akuda limene linagwedeza South Africa m'zaka za m'ma 1920. Palibe amene anamutumizira kalata yomuitana.

Sindikutamanda uchona. Ambiri anapita osabwerera, midzi inatsala ndi amayi ndi nkhalamba, ndipo bala limenelo silinapolebe. Koma ulendo wako ndi wosiyana pang'ono ndi wawo. Iwe ukupita kukafuna maola, ndipo ola limene waliulutsa ku Botswana kapena ku Tanzania limalembedwa mu logbook yako, umabwera nalo, ndipo ku Lumbadzi amaliwerenga ngati ola lathunthu.

Pali kankhani kena ka pa Livingstonia kamene woyendetsa ndege aliyense wa kwathu ayenera kukadziwa. Mu Malichi 1959, nthawi ya State of Emergency, ndege ya boma inazungulira pamwamba pa mishoni n'kuponya uthenga wofunsa azungu ngati akufuna kuwachotsako, ndipo yankho anayenera kulilemba pansi kuti wam'ndege aliwerenge ali m'mwamba. Anthu akuda ndi azungu anagwirizana zokhala limodzi, ndipo anandandika njerwa pakapinga kulemba Aefeso 2:14. Zilembozo zilipobe pafupi ndi Stone House. Ambiri amaikonda nkhaniyi chifukwa cha umodzi, ndipo n'zoona. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti masiku amenewo mwana wa pa Khondowe malo ake anali pansi, kututa njerwa, pamene kumwamba kunali ndi eni ake. Papita zaka zoposa 60, ndipo iwe uli ndi pepala lokulola kukhala kumwambako. Pepala limenelo lisachite nkhungu mu sutikesi.

Kumene ukapeze ntchito yoyamba si kumene unkalota uli ku sekondale. Unkalota yunifomu yositidwa, chikwama chokoka, bwalo la Kamuzu kapena la Chileka, ndi ndege ya mipando yoposa 100. Ntchito yoyamba nthawi zambiri imakhala ya Cessna ya injini imodzi, pabwalo la udzu kapena la dothi, ndipo ndikufuna uleke kuiona ngati chilango. Yang'ana m'boma lako lomwe. Pa Chelinda, m'kati mwa Nyika National Park, pali bwalo la ndege limene lili pamtunda wa mamita oposa 2,300 kuchokera pamalekezero a nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi, imene ili pansi pa phiri lomwelo, siifika ngakhale mamita 500. Unaphunzira m'kalasi kuti ukamakwera mpweya umapyapyala, injini imachepa mphamvu, pulopela imagwira mpweya wochepa, mapiko amafuna liwiro lalikulu kuti anyamule ndege. Dzuwa la Okutobala likatentha, ndege imachita ngati bwalolo lakwezedwanso mamita mazana ena. Katundu amene unanyamuka naye mosavuta ku Likoma akhoza kukulepheretsa kudzuka pa Chelinda, ndipo palibe wina wokuwerengera masamuwo. Ndi iwe, pensulo ndi buku la ndegeyo.

Onjezapo izi. Pabwalo lotere palibe nsanja yokuuza kumene mphepo ikuchokera. Usanatere umayamba wadutsa chapansipansi kuti uone ngati mbidzi, ntchefu kapena chilembwe sizikudya udzu pomwe ukufuna kuika matayala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku, ndipo mapiko ndi ofunika kuwayang'anitsitsa m'mawa. Nyengo yamvula nkhungu imatha kutseka phiri lonse m'kanthawi kochepa, ndipo mitambo imene ukuiona patsogolo ikhoza kukhala itabisa Nganda, nsonga yoposa mamita 2,600. Katundu wa alendo umakweza wekha, mafuta umayeza wekha ndi kuona ngati mulibe madzi, mlendo wamantha umamukhazika mtima pansi wekha, akasanza umakolopa wekha. Mlendoyo walipira ndalama zambiri kuti apewe msewu wa makilomita oposa 100 wochokera pa Rumphi boma kudzera pachipata cha Thazima, ndipo moyo wake waupereka kwa iwe. Munthu amene wagwira ntchito yotere zaka ziwiri amakhala ataphunzira kuganiza yekha ali m'mwamba, ndipo akuluakulu a makampani a ndege zazikulu amadziwa zimenezi bwino lomwe, chifukwa ambiri a iwo anayambira pamabwalo a fumbi.

Mabwalo otere ali ponseponse m'chigawo chathu cha Africa. Ku Maun ku Botswana, pakhomo la Okavango, ndege za Cessna 206, Caravan ndi Airvan zimanyamuka tsiku lonse kupita kumisasa ya alendo imene galimoto siifika, ndipo makampani monga Mack Air ndi Wilderness Air aphunzitsa ntchito achinyamata ambiri. Ku Tanzania kuli Coastal Aviation ndi Auric Air, zonyamula anthu kupita ku Serengeti ndi ku Zanzibar. Ku Zambia, kutsidya kwa malire a Nyika, kuli Proflight ndi makampani ena aang'ono opita ku Mfuwe ndi ku Lower Zambezi. Ku Namibia kuli Windhoek ndi Swakopmund. Kwathu kuno kuli ndege zahayala zopita ku Likoma ndi kumalo osungirako nyama, ndipo mabungwe monga African Parks ndi Peace Parks Foundation amagwiritsa ntchito ndege zazing'ono powerenga nyama ndi kulondera nkhalango. Koma fufuza usanagule tikiti ya basi. Dziko lililonse limayamba lateteza ana ake, ndipo chilolezo chogwira ntchito kwa mlendo wa maola ochepa chimavuta. Laisensi yakonso siyenda yokha kuwoloka malire. Ngati unaitenga ku South Africa, pa ndege zolembedwa ZS, uyenera kukaivomerezetsa kapena kuisinthitsa ku Malawi Civil Aviation Authority kuti ugwire ntchito pa ndege za 7Q, ndipo ku Botswana kwa A2, ku Zambia kwa 9J ndi ku Tanzania kwa 5H nakonso akufunsa mapepala ndi mayeso a malamulo awo. Safunsa anadya phula.

Chinthu chimodzi chimene achinyamata a pa intaneti sakonda kumva n'chakuti ntchito zimenezi amazipeza ndi miyendo. Chief pilot wa kampani yaing'ono amalandira ma CV ambirimbiri pa imelo, ndipo onse amafanana: maola 200, instrument rating, multi-engine, Chingerezi cha Level 4 kapena kuposa. Ku Maun unakhala mwambo kuti ofuna ntchito afike okha, azigona m'matenti otsika mtengo, ndipo m'mawa uliwonse azikapereka moni m'maofesi atavala malaya oyera. Tsiku limene wina wasiya ntchito mwadzidzidzi pakati pa nyengo ya alendo, bwana safufuza imelo ya miyezi inayi yapitayo. Amakumbukira nkhope imene waiona m'mawa womwewo. Ife a kumpoto anatilera mwaulemu, kugwada polankhula ndi akulu, kusadzionetsera. Ulemuwo usunge, udzakugulira zambiri, koma usausokoneze ndi manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Gogoda, nena dzina lako momveka, nena maola ako osawonjezera, pempha kuti akuyese m'ndege. Akakukana, thokoza, funsa chimene chikusoweka, ndipo ubwerenso mwezi wamawa utachikonza.

Njira ina, imene ine ndimaiona kuti ndi yodalirika koposa ngakhale yosatchuka, ndi uphunzitsi. Instructor rating imafuna ndalama zina pamwamba pa zimene zapita kale, ndikudziwa, ndipo malipiro ake oyamba ndi ochepa. Koma mlangizi amauluka pafupifupi tsiku lililonse, maola ake amalembedwa ngati a wolamulira ndege, ndipo palibe chimene chimanola munthu ngati kukonza zolakwa za wophunzira ndege ili pafupi kugunda pansi. Sukulu zambiri za ku South Africa zimakonda kulemba ana awo omwe. Ngati unachoka kusukulu yako ndi mbiri yabwino, lembera mphunzitsi wako wakale sabata ino. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo ola limodzi lozungulira bwalo ndi wophunzira limalemera chimodzimodzi ndi ola lopita ku Dar es Salaam.

Pamene ukufunafuna, laisensi isafe. Apa m'pamene ambiri amagwera. Chiphaso cha dokotala cha Class 1 chimatha pakapita miyezi 12. Instrument rating imafuna kuyesedwanso chaka ndi chaka. Kuti unyamule anthu uyenera kukhala utanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Zonsezi amalipira m'madola kapena m'marandi, pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye gwira ntchito iliyonse yoyera. Lima fodya ndi adada ku Henga, gula nyemba ku Nchenachena ukagulitse ku Mzuzu, phunzitsa masamu ndi fizikisi pasukulu yoyandikana nayo. Amene akuseka kuti pailoti wagwira khasu asiye aseke, sadzakulipirira dokotala. Koma pa ndalama iliyonse imene walandira patula ya ndege, ndipo usaikhudze ngakhale pa Khirisimasi.

Zikatheka, ntchito yodikirirayo ikhale pafupi ndi ndege. Ofesi yokonza maulendo, kulandira alendo, kuyeza katundu, kuthira mafuta, ngakhale kutsuka ndege mu hangar. Pamenepo umamva nkhani zisanalembedwe, umadziwa amene akuchoka, ndipo ndege ikamapita yopanda anthu kukatenga alendo kapena kukakonzedwa, mwina angakuuze kuti khala kumpando wakumanja. Lemekeza amakaniko. Chief pilot asanakulembe amafunsa injiniya kuti mwana uja ndi wotani, ndipo yankho la munthu wa ovololo yamafuta limalemera kuposa kalata ya wandale. Kulinso mbali ya ma drone, imene Malawi anaiyamba msanga: njira yoyeserera ya ku Kasungu inatsegulidwa mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy inayamba mu 2020. Maola a drone sawonjezera kanthu pa laisensi yako ya ndege, koma amakusunga pakati pa anthu olankhula za mphepo, mapu ndi malamulo a mlengalenga, ndiponso amabweretsa chakudya.

Njala ya maola ili ndi mayesero ake, ndipo ndikuchenjeze mosapsatira. Loyamba ndi cholembera. Pakati pa usiku logbook ili patsogolo pako, n'kosavuta kusandutsa 210 kukhala 510. Usayese. Oyendetsa ndege m'chigawo chino ndi ochepa, amadziwana, ndege iliyonse ili ndi mabuku ake osonyeza tsiku limene inauluka, ndipo woyesa waluso amazindikira dzanja la maola 200 m'mphindi zochepa chabe. Ukagwidwa, watha, ndipo ng'ombe za adada zapita pachabe. Lachiwiri ndi anthu a pa WhatsApp olonjeza ntchito kunja ukawatumizira ndalama zolembetsera. Lachitatu ndi ngongole ya type rating ya ndege yaikulu popanda kalata ya ntchito m'manja. Imadula koopsa, nayonso imatha ntchito ukapanda kuigwiritsa, ndipo banja limatsala lili pa ngongole ziwiri.

Yesero lalikulu limabwera ntchito itapezeka. Ndiwe watsopano, ukuopa kuti akuchotsa, alendo ali ndi ndege ya ku Ulaya yoti akaipeze madzulo, bwana akuimba foni, ndipo phiri latsekeka. Pa 10 Juni 2024 dziko lonse linaphunzira ndi misozi mmene nyengo ya kumpoto imakhalira, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kunja kutaipa, n'kupha anthu 9, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Sindikuweruza aliyense wa omwe anatisiya. Ndikungokuuza kuti nkhungu ya m'mapiri athu siidziwa udindo wa munthu. Laisensi imene uli nayo inakupatsa mphamvu yonena kuti "lero sitinyamuka" kwa wina aliyense, ndipo uphunzire kunena mawu amenewo mwaulemu koma osanjenjemera kuyambira ndege yako yoyamba ya mipando isanu ndi umodzi. Kampani imene ingakuchotse chifukwa chokana kulowa mumtambo wobisa phiri, kapena kukana kunyamula katundu wopyola muyezo, yakuchitira chifundo.

Ngati ndiwe mtsikana, mafunso ako ndi owirikiza, ndikudziwa. Azakhali akufunsa za banja, ndipo mlendo wina adzafika pandege n'kukufunsa kuti woyendetsa ali kuti. Ena anatsogola kale. Felistas Mkandawire anali mayi woyamba wa ku Malawi kuyendetsa ndege za Air Malawi. Yolanda Kaunda anakhala kaputeni woyamba wamkazi m'dziko muno mu 2016, ndipo mu Malichi 2017 iye ndi Lusekelo Mwenifumbo anaulutsa ndege ya kampani yathu kuchoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam, ogwira ntchito m'ndegemo onse ali amayi. Kale kwambiri, Bessie Coleman wa ku America, sukulu zakwawo zitamukana chifukwa anali wakuda komanso wamkazi, anaphunzira Chifalansa, anawoloka nyanja, n'kukatenga laisensi ku France mu 1921. Atabwerera kwawo panalibe kampani yomulemba, ndipo anayamba kudzipezera chakudya poulutsa ndege m'zionetsero.

Tsono dzuka, mwana wa kwathu. Usiku uno tsegula mapepala ako uone tsiku limene Class 1 yako ikutha. Werengera bwino maola ako, a usiku padera, a wekha padera, a maulendo ataliatali padera, n'kuwaika pa CV ya tsamba limodzi. Pezeratu buku la Cessna 206, uloweze maliwiro ake ndi kulemera kwake mpaka uziwatchula uli m'tulo, chifukwa akakuyesa adzayambira pamenepo. Khala pansi ndi adada ndi amama, uwauze zoona, kuti sukulu yatha koma kudikira kukhoza kutenga chaka kapena ziwiri, ndipo kuti ntchito yoyamba mwina siidzabweza ng'ombe msanga. Akamva kuchokera pakamwa pako adzapirira nawe. Ukatero sita malaya oyera awiri, pukuta nsapato, kwera minibasi pa Rumphi boma, uwoloke South Rukuru pa Njakwa kulowera ku Mzuzu, ukagwire basi ya ku Lilongwe. Ukafika ku Lumbadzi yambira kumaofesi a ndege zazing'ono, ndipo funsa kuti chief pilot amafika nthawi yanji. Iweyo ukafike ola limodzi iye asanafike.